Maliro Amene Ndinkalemba pa Lipoti

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukazitape, ngakhale pa kalata yondilemba ntchito analembapo kuti kalaliki. Ndinali nditangomaliza kosi ya kompyuta ku Lilongwe, ya miyezi isanu ndi umodzi, imene bambo anga, mphunzitsi wopuma wa ku Nsaru, ankaitchula pamaso pa anzawo ngati kuti ndinakaphunzira udokotala. Kampani ina ya fodya inali ndi depoti pa Namitete, ndipo inkafuna munthu wodziwa kuyatsa kompyuta popanda kuitana wina. Ananditenga ine.

Kampaniyo inkagwira ntchito ndi alimi a m'makalabu. Inkawapatsa mbewu ndi feteleza, iwo n'kulima fodya, n'kudzamugulitsa kwa iyo yomweyo. Pakati pa kampani ndi alimi panali alangizi khumi ndi awiri, amuna okhaokha, aliyense ndi njinga yamoto yake yolembedwa nambala pa thanki. Ntchito yawo inali kuzungulira midzi ya ku Mpingu, Nsaru, Kabudula mpaka Nambuma, kuona nazale, kuona zigafa zoumitsira fodya, kuona ngati feteleza wapitadi m'munda wa fodya osati wa chimanga. Ankanyamuka m'mawa n'kubwera madzulo ali mbuu ndi fumbi, ndipo zimene ankachita pakatipo ankadziwa ndi Mulungu yekha. Kampani inaona kuti si bwino kuti Mulungu azidziwa yekha.

Tsiku lina kunabwera amakaniko awiri kuchokera ku tauni. Anatsegula mipando ya njinga zonse n'kuikamo kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi. Alangizi anapatsidwa fomu ya Chingerezi ya masamba atatu kuti asayine, ndipo ambiri anasayina chiimire, pepala atalitsamiritsa pa thanki. Ine amene ndinkatolera mafomuwo ndinangowerenga tsamba loyamba, n'kuona kuti enawo ndi aatali.

Kuyambira tsiku limenelo pa kompyuta yanga panali mapu a dera lonse, ndipo pa mapupo pankayenda timadontho khumi ndi tiwiri, kalikonse ndi nambala yake. Kadontho kakamathamanga, ndiye kuti mwini wake ali pa tala. Kakamapita mokayikakayika, ali m'mabampu a ku Kabudula. Kakaima, ntchito yanga inkayambira pomwepo.

Bwana wa depoti anali mwamuna wachinyamata wa digiri, wa nsapato zosongoka, amene ankagona ku tauni n'kumabwera m'mawa uliwonse pa galimoto ya kampani, mawindo atatseka kuopa fumbi. Sanali munthu woipa ayi. Vuto lake linali loti ankakhulupirira kuti chilichonse chimene chaoneka pa kompyuta ya kampani ndi cha kampani. Anaika lamulo lakuti njinga ikaima kupitirira theka la ola pamalo pamene palibe mlimi wathu, ine ndizilemba nambala, malo ndi nthawi. Lolemba m'mawa alangizi ankakhala pa mabenchi m'shedi ya feteleza, bwana n'kumawerenga lipoti langa mokweza, wotchulidwayo n'kuimirira kuti afotokoze.

Lolemba loyamba kunali zisudzo zaulere. Mlangizi wina, mkulu wa mpingo kwathu ku Nsaru, amene ankatiletsa ife atsikana a kwaya kuvala thalauzi, zinapezeka kuti njinga yake inkaima maola awiri kuseri kwa bala. Anati ankabisala mvula. Bwana anafunsa ngati mvulayo inagwa Lachiwiri, Lachinayi ndi Lachisanu nthawi yofanana. Wina wa ku Kabudula, wa pakamwa posatseka, amene banja lake tonse tinkadziwa kuti lili ku Kabudula komweko, njinga yake inagona masiku awiri ku Nambuma. Anati kuli azakhali ake odwala. Shedi yonse inafa ndi phwete, chifukwa azakhaliwo ena ankawadziwa, ndipo anali asanakwanitse zaka makumi atatu.

Ndisabise, ntchitoyo ndinaikonda, ndipo amene sanakhalepo pa mpando ngati umenewo asafulumire kundiweruza. Ndinali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, woleredwa m'nyumba imene kufunsa kuti mlendo uja ndi ndani unali mwano, ndipo tsopano ndinkadziwa kumene amuna khumi ndi awiri amagona. Alangizi ankapita nazo njinga kunyumba, ndipo kachipangizoko sikankadziwa kuti Loweruka masana ndi Lamlungu si nthawi ya ntchito. Bwana sanandiuze kuti ndiziona za kumapeto kwa sabata, komanso sanandiletse. Lolemba ndinkalawirira kudzaona amene anapita ku tchalitchi ndi amene anapita kwa sing'anga, amene anaperekeza mkazi wake ku sikelo ndi amene anaperekeza mkazi wa mwini ku msika. Bambo ankatiphunzitsa kuti Mulungu amaona zonse, ndipo ndili mwana zimenezi zinkandiopsa. Sanatiuze kuti kuona zonse kumakoma chonchi. Ndinkakumana ndi mkulu wa mpingo uja pakhomo la tchalitchi, n'kupereka moni mwaulemu wonse, dzanja lamanzere litagwira chigongono, mumtima ndikuwerenga maola ake a ku bala.

Chinthu chimodzi chinamuzunguza mutu bwana. Nthawi zina kadontho kankasiya kuthamanga n'kuyamba kukwawa, pa liwiro la munthu woyenda pansi. Anandiitanira mu ofesi mwake n'kufunsa ngati alangizi akubwereketsa njinga kwa anthu ophunzira kuyendetsa. Ndinamufotokozera zimene aliyense wobadwira kwathu amadziwa. M'mudzi mukagwa maliro amayala masamba pa msewu, uku ndi uku, ndipo ukafika pa masambapo umatsika. Wa njinga yakapalasa amatsika, wa njinga yamoto amazimitsa injini, kuvula chipewa, n'kukankha mpaka atadutsa masamba enawo. Ukadutsa ukuliza injini, adzukulu amakuthamangira, ndipo mlandu wake sutha ndi pepani. Ngati womwalirayo ndi wa pabanja la mlimi wako, sungangodutsa, umayamba wakhala pansi kupepesa. Bwana anapukusa mutu n'kunena kuti zimenezo zisamatidyere nthawi pa msonkhano. Kadontho kakakwawa n'kuima, ndizingolemba kuti maliro, iye azidumpha mzerewo. Zimenezi zinathera mu ofesimo, pakati pa iye ndi ine, ndipo alangizi sanauzidwe.

Kunjako alangizi anali ndi sukulu yawoyawo ya kachipangizoko, ndipo mphunzitsi wamkulu anali wa ku Kabudula uja. Pa nthawi ya tiyi ankalalikira kuti iye wakamvetsa bwinobwino.

"Kamene kaja kamayamwa ku injini," ankatero. "Ukazimitsa kiyi, kamagona. Kamangokumbukira pamene wazimitsira. Ukazimitsira pa chigafa cha mlimi n'kuikankha njingayo mpaka ku Mchinji, kompyuta iziti uli pa chigafa pomwepo. Eti mayi kalaliki?"

Ine ndinkangoseka, osavomera, osakana. Ndinkadziwa kuti ndi bodza, chifukwa kachipangizoko kanali ndi batire lakelake ndipo sikankagona. Koma kazitape wanji amene amaulula mmene amaonera? Komanso sindinkaganiza kuti alipo amene angayese. Njinga zija zinali zolemera, ndipo mphunzitsi mwini wakeyo anali mlesi woti sakanakankha ngakhale wilibala yopanda kanthu. Iye ndi anzake anapeza njira yapafupi. Ankaimika njinga pa chigafa cha mlimi n'kukwera kabaza kupita ku zawo. Pasanathe miyezi iwiri timadontho tonse tinatembenuka mtima. Tinkakhala pa minda ya alimi maola atatu, anayi, bwana n'kumayamikira kuti alangizi ayamba kulimbikira, a kabaza a pa Namitete n'kumagula mafoni atsopano.

Njinga nambala seveni inali ya bambo ena a ku Mpingu, achikulire kuposa onse, amsinkhu wa bambo anga. Anali Akatolika, otsogolera mapemphero a mphakati m'mudzi mwawo, owonda, olankhula motsitsa, ovala jekete ngakhale kunja kutenthe bwanji. Ndi iwo okha amene anapempha kuti ndiwamasulire fomu ija asanasayine. Ndinawamasulira tsamba loyamba limene ndinawerenga, mmene munali mawu oletsa kusiya njinga ya kampani m'manja mwa munthu wina, ndipo mawuwo anawasunga ngati lamulo la khumi ndi chimodzi. Ankanditchula kuti mwana wanga, ndipo nthawi ya mango sankabwera chimanjamanja. Kadontho kawo kanali kotopetsa kuonera. Munda, munda, munda, kunyumba, Lamlungu ku tchalitchi. Ndinkakadumpha pofuna timadontho ta nkhani.

Lachitatu lina m'mwezi wa Malichi, matope asanaume, ndinaona kadontho ka nambala seveni kataima pa chigafa cha mlimi wawo wina, pafupi ndi pamene msewu wa ku chipatala cha mishoni umapatukira kuchoka pa tala. Kanaima mphindi zochepa, kenako kanayamba kukwawa. Ndinati kwagwa maliro. Koma kanakwawabe, kupitirira mtunda umene masamba a maliro amafika, kutsetsereka, kukwera, mpaka pa chipatala. Kuchokera pa tala kukafika kumeneko ndi kamtunda ndithu, munthu wopanda katundu amafika atatuluka thukuta. Sikanaime pa geti lalikulu pamene anthu amaimika njinga. Kanazungulira kuseri n'kuima pafupi ndi kanyumba kena kapadera.

Kanyumbako ndinkakadziwa. Ndinali nditaperekezako mkulu wanga kangapo chaka chimene mwamuna wake anamwalira. Ndi kumene anthu amene ali ndi kachilombo amakalandira mankhwala otalikitsa moyo, ndipo Lachitatu linali limodzi la masiku ake. Mkulu wanga ankafunda chitenje kumutu tikamakhota pa kona imeneyo, ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Kadonthoko kanakhala pamenepo maola awiri ndi theka. Kenako kanakwawa kubwerera njira yomweyo mpaka pa chigafa paja, n'kuyambanso kuthamanga. Apo ndinazindikira kuti sukulu ya wa ku Kabudula yapeza wophunzira mmodzi. Chifukwa chake sichinali chovuta kumva. Kupempha tsiku lopuma kunkafuna fomu yolembapo chifukwa, yodutsa m'manja mwanga ndi mwa bwana. Kusiya njinga kwa mlimi kunali kuphwanya lamulo limene ine ndemwe ndinawamasulira. Ndiye anasankha kuzimitsira pa chigafa n'kukankha, pokhulupirira kuti kompyuta iziti ali kwa mlimi.

Ndikalemba zoona, Lolemba bwana aziwerenga m'shedi, pamaso pa wa ku Kabudula, amene nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa imafika ku Nambuma dzuwa lisanalowe. Masiku amenewo pa wailesi ankanena kuti matendawa ndi ngati ena onse, ndipo anthu ankavomera, koma ankafunabe kudziwa kuti munthuyo anawatenga kuti, makamaka akakhala wotsogolera mapemphero. Komanso alangizi ankalembedwa ntchito chaka ndi chaka, ndipo amene sanaitanidwenso sankauzidwa chifukwa chake. Ndinalemba kuti maliro.

Lolemba bwana anadumpha mzerewo monga mwa pangano lathu. Ndinawasuzumira bambo aja pa benchi lawo. Nthawi yonse imene lipoti linkawerengedwa anali atagwira chipewa ndi manja awiri, kuchizunguza, kuchizunguza. Bwana atapinda pepala, iwo anapuma mpweya wautali n'kuvala chipewacho. Nambala yawo sinatchulidwe, choncho anaona kuti njira yawo yagwira.

Patatha masabata anayi, Lachitatu, kadonthoko kanaimanso pa chigafa paja n'kuyamba kukwawa. Ndinalemba kuti maliro. Patatha ena anayi, chimodzimodzi. Ndinafika polidziwa tsikulo kuposa tsiku la malipiro. Likakwana ndinkathira tiyi, kukoka mpando, n'kumaperekeza kadonthoko ndi maso. Pa njirayo panali kachitunda kamodzi. Miyezi yoyamba kadontho kankapumira kamodzi pamenepo. M'nyengo yozizira kankadutsa osaima, ndipo ndinkasangalala kuti mankhwala akugwira. Pofika Seputembala, kunja kutayamba kutentha, kankaima kawiri, katatu, ndipo ine ndinkawerenga mphindi zake tiyi wanga akuzizira.

Ndinkadziona ngati munthu wabwino kwambiri pa Namitete ponse. Ndinkayenda pa msika ndikudziuza kuti anthu onsewa sakudziwa kuti mtsikana akudutsayu wanyamula ulemu wa munthu wamkulu m'manja mwake. Bambowo akalowa mu ofesi ndinkawakokera mpando wa khushoni, umene nthawi zonse unali wa alendo a ku tauni. Pa tiyi ndinkawaonjezera shuga. Moni wanga unasintha, unakhala uja wa anthu ozonda matenda, wokoka mawu, mutu utapendekeka. Iwo ankangothokoza n'kumandiyang'ana modabwa pang'ono.

Kodi sindinaganizepo zowatsina khutu? Ndinaganiza, kambirimbiri. Koma kuti ndiwauze kuti kukankha sikuthandiza, ndinayenera kuvomera kuti ndikudziwa kumene amapita, ndipo sindinkadziwa kuti mtsikana amayamba bwanji nkhani yotere kwa munthu wamsinkhu wa bambo ake. Kwathu mwana safunsa wamkulu ngakhale za chimfine asanayambe yekha. Ndinkadziuza kuti ndikuwasungira ulemu, kuti bola asadziwe kuti ndikudziwa. Zimenezo zinali zoona, koma panalinso china chimene ndikuchita nacho manyazi mpaka lero. Chinsinsicho chinkandikomera. Nkhani za ku bala ndi za azakhali zinali za shedi yonse, koma iyi inali yangayanga.

M'mwezi wa Okutobala bwana anabwera ndi pulojekita yobwereka ku likulu. Anali atauzidwa kuti akonze lipoti la theka la chaka, ndipo pokonzapo anasonkhanitsa malipoti anga onse n'kuwaika mondondozana, chinthu chimene sindinaganizepo kuti munthu angakhale ndi nthawi yochita. Ine sanandiuze kanthu. Lolemba limenelo anatseka zitseko za shedi kuti mukhale mdima, n'kuonetsa mapu pa khoma. Alangizi anasangalala ngati ali ku vidiyo. Aka kanali koyamba kuti aone ndi maso awo zimene ine ndinkaona tsiku lililonse.

"Nambala seveni," anatero bwana. "Bambo, taimirirani."

Anaimirira, chipewa kumanja.

"Lipoti likuti maliro. Malichi maliro, Epulo maliro, Meyi maliro, mpaka sabata yathayi. Lachitatu lokhalokha, malo amodzimodzi. Kodi ndi ndani ameneyu amene amamwalira mwezi ndi mwezi?"

Shedi inaseka. Linali funso loseketsa, ndipo bwana anakondwa kuti kwa nthawi yoyamba waseketsa anthu mwadala. Anadina batani, ulendo wa Lachitatu lapitalo unayamba kuoneka pa khoma. Kadontho kanaima pa chigafa, kenako kanayamba kukwawa.

"Akulu, mwaikankhadi?" anatero wa ku Kabudula, akudzimenya pa ntchafu. "Ine ndinkangocheza, inu mwaikankha mtunda wonsewo?"

Kuseka kunakula pamene kadontho kanaima pa chitunda paja, n'kuyenda, n'kuimanso. Kenako kanafika pa chipatala, kanadutsa geti, kanakhota pa kona. Apo kuseka kunayamba kutha, osati nthawi imodzi, koma benchi ndi benchi. Amene ankakadziwa kanyumbako anakhala chete, ndipo anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Mkulu wa mpingo uja anazolika n'kumayang'ana nsapato zake. M'shedi monse munthu yekhayo amene sankadziwa kuti kuseri kuja kuli chiyani anali bwana, amene anali akumwetulirabe, kudikira yankho.

Ndinangozindikira ndaimirira. "Bwana, kachipangizo ka njinga imeneyo kamalakwitsa," ndinatero. "Sikali bwino."

"Kamalakwitsa Lachitatu lokha?"

"Nthawi zina."

"Ndiye ngati kamalakwitsa, bwanji simunalembe kuti kalakwitsa? Bwanji munalemba kuti maliro, kasanu ndi katatu konse?"

Bwana anasiya kumwetulira. Anati kulemba bodza pa lipoti la kampani ndi nkhani yoti munthu akhoza kuchotsedwa nayo ntchito, ndipo ngati pali kugwirizana pakati pa kalaliki ndi mlangizi, akufuna amve pompano kuti njingayo imakachita chiyani kumeneko. Ndikukhulupirira kuti iye ankaganiza za geni, kuti mwina bambowo amanyamula anthu kapena amakagulitsa mafuta.

"Bwana, mwanayo musiyeni," anatero bambo a ku Mpingu. Sanakweze mawu. Anapisa dzanja m'thumba la mkati la jekete, n'kutulutsa kabuku ka kuchipatala kokutidwa ndi pulasitiki. Anayenda mpaka kutsogolo n'kukaika pa tebulo pafupi ndi pulojekita. "Kulibe amene amamwalira. Ndimapita kukalandira mankhwala a kachilombo. Buku ndi limeneli. Mukhoza kuwawerengera anzangawa, poti Lolemba ndi mmene timachitira."

Bwana sanaligwire bukulo. Analiyang'ana, anayang'ana pa khoma, n'kuyamba kufunafuna pozimitsira pulojekita. Chinthucho chinali chobwereka, ndipo batani lililonse limene ankadina linkangokulitsa mapu, moti kanyumba kaja kanadzaza khoma lonse, kadontho kali pambali pake. Wa ku Kabudula ndiye anadzuka n'kukazula waya ku khoma. Wina anatsegula zitseko. Msonkhano unatha popanda amene anautseka.

Zotsatira zake sizinali zambiri. Bwana anawaitanira bambowo mu ofesi n'kupepesa, ndipo ndikudziwa kuti anapepesa ndi mtima wonse. Ine sanandichotse ntchito. Kuchokera ku likulu kunabwera kalata yonena kuti njinga ikaima pa chipatala isamawerengedwe pa msonkhano, koma kuti izilembedwabe. Tizipangizo tinakhala mmene tinalili. Nkhaniyo inafika ku Mpingu sabata isanathe, ngakhale aliyense wa m'shedi muja analumbira kuti si iye, ndipo ndinamva kuti bambowo anapempha kuti wina ayambe watsogolera mphakati. Koma zimenezo zinabwera pambuyo.

Tsiku lomwelo masana ndinawapeza pa mpope kuseri kwa shedi akusamba m'manja. Ndinapita dala. Ndinali ndi chisoni, inde, koma ndisaname, ndinkayembekezanso kuthokozedwa. Ndinali nditanama chifukwa cha iwo miyezi isanu ndi itatu, ndinali nditaika ntchito yanga pa moto pamaso pa anthu. Ndinali nditakonzeratu ndi yankho lodzichepetsa, loti palibe kanthu bambo, aliyense akanatero.

"Bambo, pepani," ndinatero. "Ndinayesetsa."

"Munayesetsa, mwana wanga." Anatseka mpope n'kupukuta manja pa thalauzi. "Munadziwa liti?"

"Ulendo woyamba. Malichi."

"Ndiye kamene kaja kamaona ngakhale injini itazima, eti?"

"Kamaona."

"Ndipo inu munkadziwa kuti kamaona."

"Ndinkadziwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuwerengera masiku. "Maulendo onse aja munkandiona ndikukankha?"

"Ndinkakuonani."

"Ndi pa chitunda paja ndikamapuma?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Za matendawa ndinauza mayi a kunyumba ndi ansembe," anatero. "Inu sindinakuuzeni, koma munadziwa. Imeneyo ndi ntchito imene anakupatsani, sindingakuimbeni mlandu. Koma depoti ili pompano. Mukanangoti, bambo, Lachitatu muzisiya njinga pano mukwere kabaza. Simukanatchula chipatala. Ine sindikanafunsa kuti mwadziwa bwanji."

Ndinafuna kunena za ulemu, kuti ndinkaopa kuwachititsa manyazi, koma ndinkadziwa kuti chimenecho sichinali chifukwa chokhacho. Iwo sanali okwiya, ndipo ndikanakonda akanakwiya. Anayang'ana zikhato zawo, uku ndi uku.

"Njinga ijatu ndi yolemera, mwana wanga," anatero.

Anavala chipewa n'kupita kukailiza. Ine ndinatsala pa mpopepo mpaka phokoso lake litazimirira ku msewu, kenako ndinabwerera pa mpando wanga, chifukwa nthawi yoweruka inali isanakwane.